Mmene mungapezere timipira tachitsulo tofewa, totheka kuboola ndi kudula mazinga

Mabiti atatu a dirilo anandithera tsiku limodzi, onse pa kampira kamodzi. Kampirako ndinakachotsa mu bering'i yakutha ya chigayo, kowala ngati kalilole, ndipo ndinkafuna kakhale mutu wa mkono wa vaisi yanga umene unkangosololoka n'kugwa pansi. Biti yoyamba inangolira kwiii n'kuda kunsonga. Yachiwiri inaterereka n'kuthyoka. Yachitatu inali yobwereka, ndiye mukudziwa kale mmene nkhani yake inathera. Pa kampirapo panangotsala kachipsera kosaoneka n'komwe.

Ambiri amene timakonda kugwiragwira zitsulo Loweruka, kuno ku Luchenza, ku Chitakale kapena ku Bvumbwe, timagwa m'mbuna yomweyi. Timipira timafunika pa zambiri: mitu ya zogwirira, zokokera madirowa, mapazi a katebulo, zokongoletsa geti, mfundo yopindika ya choikapo foni kapena nyale. Koma timene tili ponseponse, ta njinga ndi ta mabering'i, tinaumitsidwa dala kufakitale kuti tisadyeke. Njira zotulukira zilipo zitatu: kugula tofewa kale, kufewetsa tolimba pamoto, kapena kupanga nokha. Zonsezi zimayambira pa chida chimodzi chotchipa, tupa.

## Zofunika kukhala nazo

Zoyesera, zimene muzitenga m'thumba popita kokagula:

- Tupa wamng'ono wakuthwa, osati amene anatha mano
- Maginito, ngakhale wochokera mu sipika yakufa
- Veniya yoyezera, kapena sipanala yosintha kukamwa pamodzi ndi rula
- Sikelo yaing'ono yoyeza magalamu, ngati muli nayo

Zofewetsera pamoto:

- Mbaula ndi makala, ndi chokupizira moto: mvukuto, fani yaing'ono, ngakhale chivundikiro cha ndowa
- Chidutswa cha paipi yakuda yachitsulo, chotalika masentimita 15 mpaka 20, chimene timipira tingalowemo
- Ndowa yachitsulo yodzaza phulusa louma, losefa
- Mbaniro yaitali, ndi dongo pang'ono

Zoboolera:

- Dirilo, makamaka yoimirira pa tebulo
- Mabiti a HSS (mabiti wamba oboolera zitsulo), panchi yolembera pakati, ndi tapu yodulira mazinga
- Vaisi ndi manati awiri akuluakulu
- Oyilo, sandipepa, ndi magalasi oteteza maso

Magalasiwo si okongoletsa mndandanda. Chitsulo cholimba chikaphulika tizidutswa take timauluka ngati nthanga za nsatsi padzuwa.

## Sitepe 1: Dziwani chimene kampira kakukachita

Musanachoke pakhomo yankhani mafunso atatu. Mukaboola? Mukawotcherera? Kapena kazingogudubuzika? Ngati n'kongogudubuzika, kolimba ka bering'i ndiye kabwino, musavutike ndi zonse zalembedwa apazi. Ngati n'koboola ndi kudula mazinga, pafunika kofewa kapena kofewetsedwa. Ngati n'kowotcherera, pafunika kofewa kuchokera kufakitale basi, chifukwa chake tichiona kutsogoloku.

Lembani kukula kwake m'mamilimita. Timipira tambiri timapangidwa mu inchi, choncho sungani izi pamtima: 1/4 ya inchi ndi mamilimita 6.35, 5/16 ndi 7.94, 3/8 ndi 9.53, theka la inchi ndi 12.7, ndipo inchi yathunthu ndi 25.4. Bawuti ya M6 (yonenepa mamilimita 6) imakhala bwino mu kampira ka mamilimita 20, ya M8 mu ka 25. Bowo likaposa gawo limodzi mwa magawo atatu a kampira, m'mbali mumatsala mopyapyala ndipo sikaonekanso bwino.

## Sitepe 2: Zindikirani mitundu yake

Maso sangakuuzeni kanthu. Timipira tonse n'tozungulira, tonse timawala.

Ta mabering'i timapangidwa ndi chitsulo chimene mabuku amachitcha 52100, ku Ulaya 100Cr6, ku China GCr15. Muli kaboni pafupifupi 1 peresenti ndi chromium pafupifupi 1.5 peresenti, ndipo n'tolimba mpaka pakati penipeni, pa 60 mpaka 66 pa HRC, umene ndi muyeso wa kulimba kwa chitsulo. Biti ya HSS nayo ili cha pomwepo. Ndiye pamene ine ndinkaboola kampira ka chigayo kaja, ndinkamenyanitsa amuna awiri a mphamvu zofanana, ndipo wowonda ndiye anagonja.

Ta njinga totchipa tambiri n'tachitsulo cha kaboni wochepa, koma tinaumitsidwa khungu lokha. Kunja gwa, m'kati mofewa. Kukula kwake n'kochepa: 1/4 ya inchi ku habu yakumbuyo, 3/16 ku habu yakutsogolo, 5/32 kukhosi kwa chiwongolero.

Tofewa enieni n'ta kaboni wochepa tosaumitsidwa, tolembedwa 1010, 1015, 1018 kapena Q235. Awa ndiwo tikusaka. Mu gulu lomweli muli timipira tokongoletsera mageti ndi mipanda.

Tosachita dzimbiri tilipo mitundu iwiri. Ta 304 ndi 316 timatheka kuboola, ndipo maginito satigwira kapena amangotikoka pang'ono, koma biti ikamangopukuta osadya chitsulocho chimalimba pomwepo. Ta 440C n'tolimba ngati ta bering'i ndipo maginito amatigwira.

Pomaliza pali mipira ikuluikulu yoperera simenti ndi miyala m'mafakitale. Nthawi zina imapezeka pa milu ya zitsulo, yolemera, yokopa. Isiyeni pomwepo. Inapangidwira kuphwanya miyala, ndipo ina ndi yachitsulo chosungunula chodzaza chromium chimene mbaula singachifewetse.

## Sitepe 3: Yambani kusaka pafupi

Yambani ndi owotcherera mageti. Pa Chitakale, pa Luchenza, pa Limbuli, pa Thyolo boma, paliponse pamene mukuona geti litatsamira khoma likudikira penti, imani mufunse. Amenewa amaika timipira pamwamba pa mizati ndi pa nsonga za mpanda, ndipo kawirikawiri amakhala ndi totsala m'chitini. Ngakhale atakhala kuti alibe, amadziwa sitolo imene amakagula ku Limbe kapena ku Blantyre, ndipo mukawapatsa ndalama akhoza kukuguliranikoni pa ulendo wawo wokatenga machubu. Kufunsa kwake kuzikhala kolunjika: "Madala, timipira ta pamwamba pa geti tija muli nato? Ndikufuna todzaza m'kati, osati tamphako." Mukangoti timipira tachitsulo, akutulutsirani bering'i.

Malo achiwiri ndi ogulitsa zitsulo zakutha, ndipo ku Ndirande ndi ku Limbe ndiko kuli milu yoti munthu n'kufufuzamo tsiku lonse. Kumeneko yang'anani mitu ya zogwirira za makina akale, mitu ya mabedi achitsulo ndi ya ndodo za makatani, ndi mpira wokokera ngolo kumbuyo kwa galimoto, umene ndi wa mamilimita 50. Mbewa zakale za kompyuta, zija zinali ndi kampira pansi, zilinso ndi chuma: mukasenda labala wake mupezamo kampira kachitsulo ka mamilimita pafupifupi 20.

Malo achitatu ndi a tolimba toti mukafewetse nokha: okonza njinga ndi njinga zamoto za kabaza, amakaniko, eni zigayo. Bering'i yakutha kwa iwo ndi chinyalala. Nambala yake imakuuzani zimene zili m'kati: 6205 ili ndi timipira 9 ta mamilimita 7.94, ndipo 6206 ili ndi 9 ta mamilimita 9.53. Pofuna tokulirapo funsani mabering'i a mathirakitala, malole ndi mafani akuluakulu. Mafakitale a tiyi a ku Thyolo ndi Mulanje amasintha mabering'i otere, koma kumeneko kuli njira yake: mupemphe kwa oyang'anira, mutuluke nazo pa geti ndi kalata.

Chenjezo: chitsulo chimene munthu wakutulutsirani m'thumba la jekete madzulo musagule, ngakhale chitchipe bwanji. Zitsulo za njanji, za milatho ndi za magetsi ndiye musaziyandikire n'komwe. Malonda a zitsulo zakutha ali ndi lamulo lake m'dziko muno, la Second-hand and Scrap Metal Dealers Act, ndipo kupezeka ndi katundu wakuba kukhoza kukhala mlandu ngakhale munachita kugula.

## Sitepe 4: Yesani musanalipire

Apa ndi pamene ndalama zimapulumukira kapena kutayikira.

1. Gwirani kampira ndi pulayala, mukakwecheko kawiri kapena katatu ndi ngodya ya tupa. Tupa akaluma, n'kutulutsa tiufa tachitsulo ndi kusiya kamzere koyera, n'kofewa. Akaterereka ndi kaphokoso kopyapyala ngati pa botolo, n'kolimba. Dzanja limamva kusiyanaku lisanaone diso.
2. Gwetsani kampira pa nkhope ya nyundo yaikulu kuchokera m'mwamba pang'ono, ngati kutalika kwa rula. Kolimba kamadumpha kubwerera pafupi ndi pamene munakasiyira, n'kulira ngwee. Kofewa kamadumpha pang'ono, n'kulira mogontha.
3. Ikani maginito. Akakana, ndi chitsulo chosachita dzimbiri cha 304 kapena 316, kapena ndi mkuwa wokutidwa.
4. Yezani kulemera. Kampira kodzaza ka mamilimita 10 kamalemera magalamu 4, ka 20 magalamu 33, ka 25 magalamu 64, ka 30 magalamu 111, ka 40 magalamu 263, ndipo ka 50 kamapitirira pang'ono theka la kilogalamu. Kakapepuka kwambiri kuposa apa, kali ndi mphako. Yang'ananinso msoko wozungulira pakati, pamene anaphatikiza zigamba ziwiri.
5. Ngati pali girayinda, gunditsaniko pang'ono. Chitsulo cha kaboni wochepa chimatulutsa mbaliwali zazitali zowongoka, za mphanda zochepa. Cha kaboni wambiri chimathetheka ngati tinyenyezi tambirimbiri.

Chenjezo: tupa amangoyesa khungu. Akaterereka, mwina kampira n'kolimba konse, mwina ndi khungu lokha. Kuti mudziwe, perani malo amodzi ndi girayinda mpaka kulowa mamilimita awiri, kenaka yesaninso tupa pakati pa malo operawo. Akaluma, m'kati n'mofewa, ndipo mukhoza kuboolera pomwepo popanda moto.

Ogulitsa ena sakonda kuona tupa. Tsiku lina m'sitolo ina mnyamata wogulitsa anandiuza kuti, "Bwana, amenewa ndi ofewa, aliyense amagula omwewa." Ndinati, "Achimwene, ndigula kamodzi kaye, ndikayesere panja." Tupa anaterereka ngati phazi pa thope la Chiperoni. Mnyamatayo sankanama dala, sankadziwa. Ndinataya mtengo wa kampira kamodzi m'malo mwa makumi awiri.

## Sitepe 5: Ngati mukuitanitsa kunja

Pamene mukufuna tambiri tofanana ndendende, kuitanitsa pa intaneti kapena kutuma wachibale wobwera pa basi kuchokera ku Johannesburg n'kumene kumathandiza. Pa eBay kapena AliExpress lembani mawu akuti "unhardened low carbon steel balls" kapena "soft 1010 steel balls". Mukaona "chrome steel", "bearing", "52100", "GCr15" kapena "case hardened", dutsani. Mawu akuti "carbon steel" paokha sakwanira, chifukwa timipira ta khungu lolimba timalembedwanso choncho. Mufunseni wogulitsa nambala ya HRC. Ikafika 50 kapena kuposa, si tofewa.

Mudzaonanso G25, G100, G1000. Izi sizikunena kulimba, zikunena kuzungulira bwino kwa kampira: nambala ikachepa, kampira n'kosalala kwambiri ndipo n'kodula. Pa mutu wa chogwirira G1000 ndi wokwanira.

Werengerani kulemera musanalipire. Timipira 100 ta mamilimita 20 ndi makilogalamu 3.3, ndipo mtengo wotumizira ukhoza kuposa wa katunduyo, osawerengera msonkho wa MRA. Mukasonkhana anthu atatu kapena anayi zimapepukirako.

## Sitepe 6: Kuchotsa timipira mu bering'i

Tokosani zivundikiro za m'mbali ndi sikuludiraiva. M'kati muona kachitsulo kopindikapindika kogwira timipira, kolumikizidwa ndi timisomali. Dulani timisomaliti ndi tchizulo yaing'ono kapena tibooleni, kachitsuloko kachoke. Kankhirani timipira tonse mbali imodzi, mphete yam'kati isendere mbali inayo, ndipo tiyamba kugwa tokha. Chitirani izi m'beseni, apo ayi mukhala mukukwawa pansi pa benchi. Tsukani girizi ndi parafini, mupukute.

Chenjezo: musaphwanye bering'i ndi nyundo. Mphete zake n'zolimba ngati timipirato, sizipindika, zimaphulika. Ikakanika, dulani mphete yakunja ndi girayinda mbali ziwiri.

## Sitepe 7: Kufewetsa pamoto

Chitsulo cha kaboni wambiri chimalimba chikazizira msanga, chimafewa chikazizira pang'onopang'ono. Kutenthetsa n'kosavuta, mwana aliyense angathe. Luso lonse lili pa kuziziritsa.

1. Konzani paipi. Phwanyani mbali imodzi ndi nyundo kuti itsekeke. Ikanimo phulusa louma pang'ono, kenaka timipira, kenaka phulusa lina mpaka kudzaza. Tsekani kukamwa ndi dongo, koma mubooleko kabowo ndi msomali kuti mpweya uzituluka. Lisiyeni dongolo liume kaye. Paipi imagwira ntchito ziwiri: imateteza timipira kuti tisachite makoko akuda ambiri, komanso imasunga kutentha. Kampira kakang'ono kokha, kopanda paipi, kamazizira muli pa njira yochokera pa mbaula kupita ku ndowa, ndipo chitsulo cha bering'i chikhoza kulimbanso ndi mphepo yokha.
2. Konzeranitu ndowa ya phulusa, pafupi ndi mbaula. Phulusa likhale louma ndithu. Kuno kwathu kumene chinyezi chimalowa ngakhale mu mchere, liwambeni kaye pamoto. Kumbani dzenje pakati. Ine ndimatenthetsanso chitsulo china chachikulu, monga mutu wakutha wa nkhwangwa, n'kuchikwirira momwemo kuti phulusa lifunde.
3. Kolezani moto pamthunzi kapena chakumadzulo, pabwalo podutsa mphepo. Padzuwa la masana chitsulo chofiira chimaoneka chakuda, ndiye mumapyoza muyeso osadziwa. Ikani paipi pakati pa makala, ena pansi ena pamwamba, mukupize pang'onopang'ono.
4. Yang'anani mtundu. Poyamba paipi ifiira mwakuda, cha pa madigiri 650 mpaka 700 a Celsius. Pitirizani mpaka ifiire ngati tomato wakupsa. Yesani ndi maginito womangirira ku waya: gunditsani mwachangu, muchotse. Chitsulo chimasiya kugwira maginito cha pa madigiri 770. Maginito akakana, mwafika. Onjezerani pang'ono chabe, cha pa 790 mpaka 800.
5. Sungani moto pa mtundu womwewo kwa theka la ola, kapena ola lathunthu ngati timipira n'tokulirapo kuposa mamilimita 20. Paipi ikafiira kunja sindiye kuti kampira kapsa m'kati, phulusa limachedwetsa kutentha. Muziitembenuza kuti mbali zonse zipse mofanana.
6. Siyani kukupiza. Lolani moto ufooke wokha mpaka kufiira kwa paipi kuyambe kuda, kenaka inyamuleni ndi mbaniro, muiike m'dzenje lija, mukwirire ndi phulusa lokwana chikhatho chathunthu mbali zonse. Vundikirani ndowa ndi lata.
7. Kagoneni. Musafukule kuti muone. Kuona maso a nkhono n'kudekha. M'mawa paipi ikhoza kukhala idakali yofunda, ndipo chimenecho ndi chizindikiro chabwino. Dikirani mpaka muthe kuigwira ndi dzanja.
8. Khuthulani, mupukute, muyese ndi tupa. Akaluma, mwatha. Akaterereka, bwerezani, ndipo ulendo uno musunge moto nthawi yotalikirapo ndi kuwonjezera phulusa.

Chenjezo loyamba: paipi ikafika mtundu wa papaya wakupsa kapena wachikasu, mwapyoza madigiri 900. Chitsulo chimakhala chophwanyika msanga ndipo kampira kamatuluka ndi khungu lokakala. Moto wambiri si kufewa kwambiri.

Chenjezo lachiwiri, ndipo ili ndi la moyo: musagwiritse ntchito paipi yoyera yamadzi, ya galivanaizi. Zinki amene anaikutira amatuluka ngati utsi woyera, ndipo mukaupuma mumagona ndi malungo abodza, kunjenjemera ndi mutu. Timipira tokutidwa zinki kapena chromium tipaleni kaye tisanalowe pamoto. Kampira kamphako kotsekeka konsekonse musakaike pamoto kapena kukawotcherera musanakaboole kabowo, mpweya wam'kati ukatentha kakhoza kuphulika. Mbaula isalowe m'nyumba.

Za makala: tonse tikuona mmene mitengo ikuthera m'phiri la Mulanje. Ntchito iyi sifuna makala a mitengo yachilengedwe. Makala a bulugama kapena a nsungwi amakwanitsa, ndipo mukasonkhanitsa timipira tambiri n'kufewetsa ulendo umodzi, mbaula imodzi ikwanira.

Dziwaninso kuti kampira ka bering'i kofewetsedwa sikafika pa kufewa kwa chitsulo cha geti. Kamatheka kuboola ndi kudula mazinga, koma kamafuna ulemu. Sikakhalanso kowala, ndipo sikangabwererenso mu bering'i.

## Sitepe 8: Kugwira ndi kuboola

Chinthu chozungulira sichikhala phee. Mukachipana m'mano a vaisi mwachindunji chimathawa kapena chimatuluka ndi zipsera. Tengani manati awiri amene bowo lawo ndi lochepera kampira, limodzi uku lina uku, kampira pakati, mupane zonse mu vaisi. Pa kampira ka mamilimita 20, manati a M12 amagwira bwino. Ngati simukufuna zipsera, gwiritsani matabwa awiri olimba obooledwa m'malo mwa manati.

Palani pamwamba ndi tupa mpaka pakhale kabwalo kosalala, kotambalala pang'ono kuposa biti yanu. Kabwaloka ndi mphatso: pakati pake ndi pakati penipeni pa kampira. Ikani rula pamwamba pake muone ngati kagona mowongoka ndi tebulo la dirilo, lembani pakati, mumenye panchi. Yambani ndi biti yaing'ono ya mamilimita 2.5 kapena 3, kenaka yaikulu.

Biti yotsogolera mazinga, m'mamilimita, ndi iyi: 3.3 pa M4, 4.2 pa M5, 5 pa M6, 6.8 pa M8, 8.5 pa M10. Biti ya mamilimita 5 pa chitsulo chofewa izizungulira maulendo cha pa 1,500 pa mphindi. Pa chitsulo cha bering'i chofewetsedwa tsitsani lamba wa dirilo kuti liwiro lichepe, isafike 1,000. Thirani oyilo, kanikizani mokhazikika, muzitulutsa biti kawirikawiri kuti zinyenyeswa zichoke. Zinyenyeswa zikamatuluka zopotana, zili bwino. Mukamva kulira ndi kuona utsi popanda zinyenyeswa, imani. Kukakamira kumatenthetsa pansi pa bowo, ndipo chitsulo cha kaboni wambiri chimalimbanso pomwepo. Ngati bowo silikudutsa, kulungani tepi pa biti posonyeza polekezera.

Podula mazinga, tapu iime chilili. Potani theka kutsogolo, mubwerere pang'ono, oyilo osaiwala. Ikalimba musalimbane nayo, itulutseni, muchotse zinyenyeswa. Tapu yothyokera m'kati mwa kampira ndiye maliro a kampirako.

Chenjezo: musagwire kampira ndi dzanja kapena pulayala poboola, ndipo musavale magolovesi pa dirilo. Biti ikakola nsalu imakoka ndi chala chomwe.

## Sitepe 9: Kupanga nokha

Ngati mukufuna kamodzi kapena tiwiri, nthawi zina kusaka n'kotaya nthawi. Tengani chitsulo chozungulira chosalala chofewa, osati chamizeremizere cha konkire chija amati Y12, chimene n'cholimbirapo. Dulani chidutswa chotalika mofanana ndi kunenepa kwake. Boolani ndi kudula mazinga chidakali ndi mbali zosalala, pamene kugwira n'kosavuta. Chimangeni pa bawuti yodula mutu, bawutiyo mu dirilo, ndipo dirilo ikuzungulira muzidya ngodya ndi tupa wokhala ndi chigwiriro. Wochepetsa ntchito amayamba wagwetsa ngodya ndi girayinda. Washa wa bowo locheperako ndiye choyezera chanu: kampira kakamakhala pa bowolo popanda kuwala kudutsa mbali iliyonse imene mwakatembenuzira, kazungulira. Amene ali ndi makina osemera zitsulo otchedwa lathe amadziwa kale njira yachidule.

## Sitepe 10: Kusalaza ndi kuteteza ku dzimbiri

Kampira kali pa bawuti mu dirilo, kapukuteni ndi sandipepa ya 120, kenaka 240, kenaka 400 yonyowetsa ndi oyilo. Chitsulo chofewa chimachita dzimbiri msanga, ndipo nyengo ya Chiperoni, mu June ndi July, usiku umodzi ndi wokwanira kuti kampira kowala kadzuke kofiira. Pakani vanishi kapena penti tsiku lomwelo. Pofuna kakuda, katenthetseni pang'ono mpaka kasanduke kabuluu, osati kofiira, mukapake mafuta ophikira ndi kansalu kogwirira pa pulayala, mubwereze katatu. Totsala tisungeni m'botolo lotseka lokhala ndi oyilo pang'ono.

## Zolakwika zimene anthu amachita kawirikawiri

Kuthira madzi kuti kazizire msanga. Uku ndi kuumitsa, osati kufewetsa. Mkuwa ndiwo umafewa ngakhale utaviikidwa m'madzi, ndipo ena amatengera chizolowezi chimenecho ku chitsulo.

Kuwotcherera kampira ka bering'i pa geti. Moto wa welodi umatenthetsa malo ochepa, chitsulo chozungulira malowo chimawaziziritsa msanga, ndiye m'mphepete mwa chowotchereracho mumalimba ndi kung'aluka, ngakhale kampirako kanali kofewetsedwa. Tsiku loyamba kamaoneka kogwira. Pakapita milungu mwana amakapeza pansi.

Kukhulupirira kuwala. Chikomekome cha mkuyu: kampira kokongola kwambiri pa shelefu kakhoza kukhala kamphako, kapena kamkuwa kokutidwa, kochokera mu vavu yamadzi. Kofewa kabwino kawirikawiri kamakhala kotuwa, kopaka oyilo, nthawi zina kali ndi kamzere kosulira.

Kuyesa kamodzi n'kukhulupirira thumba lonse. Pa zitsulo zakutha timipira timasakanikirana. Yesani kalikonse, ndipo kunyumba muike tofewa ndi tolimba m'mabotolo osiyana olembedwa.

Kumenya panchi pa kampira kosayesa. Kakakhala kolimba, nsonga ya panchi imaphwanyika, kapena kampira kamathawa ngati chipolopolo.

Kugula biti ya cobalt poganiza kuti idya chilichonse. Imapirira kutentha kuposa HSS wamba, koma pa HRC 60 nayonso imagonja. Ya carbide imatha kudya, koma ndi yodula, ndipo mu dirilo yam'manja yogwedera imathyoka ngati bisiketi.

Kubwezera pa galimoto mpira wokokera ngolo umene walowa pamoto kapena waboolewa. Ukangolowa m'shedi yanu wasanduka chogwirira, kumsewu usabwererenso.

Kusiya timipira ndi maginito poti ana angafike. Kamwana kokwawa kamaika m'kamwa chilichonse chowala, ndipo kakameza maginito pamodzi ndi kampira, ziwirizo zimakokana m'matumbo n'kuwaboola. Zikachitika, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo, musadikire kuti zituluka zokha. Mukamaliza ntchito, yendetsani maginito pansi ponse pozungulira benchi, muwerenge timipira ngati takwana, botolo likhale pa shelefu yapamwamba.